Kagalimoto ka rimoti kojambulira nyama zakutchire: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni kuonetsa anthu chithunzi cha njiri chija, chimene mphuno yake yadzadza theka la chithunzi ndipo kumbuyo kwake kukuoneka mitambo, mafunso sakutha. Ena akuti ndinachita kugona pansi pafupi ndi nyamayo, ena akuti ndi zopanga pa kompyuta. Ayi ndithu abale anga, ndi kagalimoto ka rimoti konyamula kamera kamene ndinakonza ndekha pakhonde. Nde mmalo moyankha munthu mmodzimmodzi ndangowasonkhanitsa pamodzi mafunsowo, ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa chifukwa ndi pamene ine ndinapsa zala.

Kodi si kagalimoto koseweretsa ana komwe kaja?

Maonekedwe ake inde, koma ntchito yake ndi yosiyana. Ka ana kamapangidwa kuti kazithamanga, pomwe aka kakufunika kaziyenda pang'onopang'ono ngati kamba, kasamachite phokoso, kazitha kukwera timiyala ndi mapazi a njovu ouma aja kali ndi katundu wa makilo atatu kapena anayi pamsana. Ukayika kamera yeniyeni pa kagalimoto ka ana magiya ake apulasitiki amalala tsiku lomwelo.

Bwanji osangogula lenzi yaitali ngati mmene amachitira anzathu?

Lenzi yaitali ndi yabwino, nanenso ndimaigwiritsa ntchito. Koma chithunzi chake chimakhala cha munthu amene wakhala pamwamba pa galimoto akuyang'ana nyama chapansi, kumbuyo konse kuli mbuu, ndipo aliyense amene wapita ku paki amabwera ndi chithunzi chomwecho. Kamera ikakhala pansi, masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa dothi, ndi lenzi yotambalala, nyama imaoneka ngati yakuimirira pamutu, umaona ndevu za mkango, matope pa mphuno ya njati, komanso malo onse amene nyamayo ikukhala, mitengo, mtsinje, thambo. Chithunzi chotere munthu sangachijambule ndi manja pokhapokha atatopa ndi moyo.

Anayambitsa ndani zimenezi?

Wodziwika kwambiri ndi Will Burrard-Lucas wa ku Britain, amene ndi mng'ono wake Matt anapanga kagalimoto kotchedwa BeetleCam mu 2009 nkupita nako ku Tanzania. Ulendo woyambawo mkango unakagwira nkuthawa nako kutchire, kamera nkuonongeka. Mu 2011 anabwereranso, ulendo uno ku Masai Mara ku Kenya, atakaveka chigoba cholimba, ndipo zithunzi za mikango zimene anabwera nazo ndi zimene zinachititsa kuti dziko lonse lidziwe za njira imeneyi. Kenako Will anakakhala pafupifupi chaka ku South Luangwa ku Zambia, kwa anzathu a ku Mfuwe uko, akujambula akambuku ndi mimbulu ndi kagalimoto komweko. Mu 2013 Chris McLennan wa ku New Zealand anachitanso zofanana ku Botswana ndi kake kotchedwa Car-L konyamula Nikon D800E, mikango inakazungulira nkumakaluma koma kamera inapulumuka chifukwa inali mu chibokosi. Nayenso Nick Nichols wa National Geographic anagwiritsa ntchito kaloboti kotere pojambula mikango ya ku Serengeti. Nde si zachilendo ayi, kungoti kwathu kuno sitinazizolowere.

Ndiyambire pati? Ndigule kathunthu kapena ndipange ndekha?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugula kagalimoto ka rimoti ka mtundu wa crawler, ka saizi ya 1/10, kamene kanapangidwira kukwera miyala, nkuchotsa chigoba chake nkuyikapo thabwa la kamera. Ndi yachangu koma vuto lake timasipuling'i take ndi tofewa, ukayika kamera kamanyonyomala ndipo pokhota kamapendekeka.

Yachiwiri, imene ine ndinatsata, ndi kupanga bokosi la aluminiyamu lathyathyathya nkumangirira mota zinayi, tayala lililonse mota yake, popanda chiwongolero. Pokhota matayala a mbali imodzi amapita kutsogolo a mbali ina kumbuyo, ngati mmene chimakhotera chikatapila, moti kamatha kuzungulira pamalo pomwepo. Izi ndi zofunika kwambiri kuposa mmene mungaganizire chifukwa kukhota kwa kagalimotoko ndi komwe kumakhala kutembenuza kamera kumanja kapena kumanzere, simufunikanso makina ena ozungulitsa kamera. Komanso zinthu zoti zingathyoke zimachepa.

Lamulo limodzi lokha musaliphwanye: kakhale kotambalala, kafupi, zolemera zonse pansi. Bokosi langa loyamba ndinalipanga lalitali kuti kamera izidutsa udzu, linagubuduka pa mzere wa mbatata kuseri kwa nyumba lisanaone ndi nyani yemwe.

Mota zake ndi zotani, nanga zimapezeka?

Mota za DC za 12V zokhala ndi magiya, zozungulira pafupifupi ka 100 pa mineti. Tawerengani nokha: tayala la masentimita 15 likazungulira kamodzi limayenda masentimita 47, kuchulukitsa ndi 100 ndi mamita 47 pa mineti, kutanthauza makilomita osakwana atatu pa ola. Liwiro limeneli ndi lokwanira, kuposa apo mukungoopseza nyama.

Ambiri amandifunsa za mota za mawaipa a galimoto poti zimapezeka kwa ogulitsa masipeya akale, ku Ndirande ndi misika ina. Zimagwira ntchito ndipo mphamvu zili nazo zoopsa, koma ndi zolemera, zimadya batire, ndiponso zambiri waya wake mmodzi amakhala wolumikizidwa ku thupi la motayo, nde ukazimangirira pa chitsulo chimodzi nkumazibweza mmbuyo zimachita shoti. Muyenera kutsegula nkuusiyanitsa wayayo kaye. Ngati zamagetsi simuzidziwa bwino pitani nazo kwa amene amakonza zamagetsi za galimoto, ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa iwo.

Pakati pa mota ndi rimoti pamafunika ESC, kabokosi kamene kamalandira uthenga kuchokera ku risiva (kachipangizo kolandira malamulo a rimoti) nkumapatsa mota magetsi ochuluka kapena ochepa. Gulani ya mota za brushed yotha kubwerera mmbuyo, yanjira ziwiri, mbali yamanja ndi yamanzere. Rimoti ikhale ya 2.4GHz ya matchanelo osachepera 6: awiri oyendetsera, imodzi ya servo (kamota kakang'ono kolamulidwa ndi rimoti) yoweramitsa ndi kudzutsa kamera, imodzi yojambulira, otsalawo mudzawafuna mtsogolo, ndikukuuzani.

Ndipo chonde ikani failsafe. Ndiye kuti netiweki pakati pa rimoti ndi kagalimoto ikaduka mota zonse ziime. Popanda zimenezi kamangopitirira ndi lamulo lomaliza limene kanalandira, mudzakaonerera kakulowa mu Shire inu muli kukamwa yasa.

Batire yake?

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Ambiri amagwiritsa ntchito batire ya mtundu wa LiPo ya 3S, ndiye kuti ya maselo atatu, imene ndi 11.1V, chifukwa ndi yopepuka ndipo imatulutsa mphamvu zambiri. Selo iliyonse imadzadza pa 4.2V, osaitsitsa kupyola 3.3V, ndipo ngati mukuisunga masabata angapo isiyeni pa 3.8V. Imafuna chaja yakeyake yolinganiza maselo, osati kungolumikiza pa chaja ya batire ya galimoto. Ya 5000mAh ndi 55.5Wh, nde mu ndege imaloledwa poti malire ake ndi 100Wh, koma mu chikwama chapamanja, osati mu sutikesi yopita pansi.

Koma LiPo ili ndi khalidwe loipa: ikabooka kapena kutenthedwa imayaka, moto wake wovuta kuzimitsa. Ine ina ndinaiiwala pa dashibodi mwezi wa October, pobwera ndinapeza yatupa ngati chitumbuwa, fungo lokoma ngati la switi lili mgalimoto monse, ndinaitulutsa ndi fosholo. Tsono taganizani fisi wailuma batire yotero pakati pa udzu wouma wa chilimwe, ku Luangwa kapena ku Chikwawa kumene kumatentha kupyola madigiri 40. Mwapweteka nyama, mwayatsanso tchire. Choncho batire ikhale mkati mwa bokosi lachitsulo pamalo pamene dzino silingafike, osati yomangidwa ndi malegeni pamwamba.

Ngati LiPo ikukuvutani kupeza, batire yomata ya njinga yamoto ya 12V imagwira bwinobwino. Ndi yolemera inde koma kulemerako kumathandiza kuti kagalimoto kasagubuduke msanga, bola ikhale yomata yosatayika asidi.

Nanga kamera imajambula bwanji inu muli kutali?

Anthu amaganiza kuti apa ndi pamene pali ufiti, koma ndi pophweka kuposa pena paliponse. Makamera ambiri ali ndi kabowo ka waya wa rimoti. Pa ma Canon ang'onoang'ono monga 600D kapena 700D ndi kajaki ka 2.5mm kokhala ndi magawo atatu: kunsonga ndi kojambulira, pakati ndi ka focus, kumunsi ndi ground. Mukagunditsa waya wa kunsonga ndi wa ground kamera imajambula basi. Nde mumangogula waya wotchipa wa rimoti, kuudula, nkulumikiza mawaya awiriwo ku karilei kapena optocoupler, kaswitchi ka magetsi kamene kamatsegulidwa ndi tchanelo imodzi ya rimoti yanu. Musalowetse magetsi a batire mu kabowo kameneko, ntchito ya rilei ndi kungogunditsa mawaya, osati kupereka magetsi.

Ena amayika servo yoti izidina batani ndi kachala kapulasitiki. Imagwira, koma imachedwa, imalira, ndipo pa mabampu kachalako kamasuntha nkumadina mphepo.

Musanatumize kagalimoto zimitsani zoti kamera izigona yokha pakapita mphindi zingapo. Ine ndinadikirira gulu la njati pafupifupi ola lathunthu, zitafika pa kamera penipeni ndikudina, ndikudina, zii, kamera inagona kalekale ndipo rilei yanga sinali pa waya woidzutsa. Tsiku limenelo nsima sinatsike.

Mumaona bwanji chimene kamera ikuona?

Ndi zida za FPV, zoonetsa vidiyo nthawi yomweyo muli patali, zomwe amagwiritsa ntchito a ma drone: kotumiza vidiyo ka 5.8GHz pa kagalimoto ndi kasikirini kolandira mmanja mwanu. Vidiyo imachokera ku kamera yeniyeniyo kudzera pa kabowo ka AV, kapena pa HDMI ndi kosinthira pakati. Njira yotchipa ndi kumata kakamera kakang'ono ka FPV pamwamba pa lenzi nkukalozetsa komwe lenzi yaloza, sizifanana ndendende koma ndi lenzi yotambalala zimakwana.

Wi-Fi ya kamera ndi foni musaidalire. Pabalaza imagwira bwino, kutchire mamita 15 yaduka, imachedwanso, nyama yayasamula kale inu mukuona pambuyo. Komanso Wi-Fi yambiri ili pa 2.4GHz pomwe pali rimoti yanu. Zida za vidiyo zipatseni kabatire kakekake chifukwa zikagawana ndi mota chithunzi chimachita mizeremizere mukangoyamba kuyenda.

Kamafika patali bwanji?

Pa bokosi la rimoti amalemba mtunda wautali koma umenewo ndi wa zinthu zouluka mmwamba. Kagalimoto kali pa dothi, udzu, chulu, ngakhale thupi la njovu limatchinga, makamaka vidiyo ya 5.8GHz. Kanga ndimakadalira mpaka mamita 50, ndipo kunena zoona sindifuna kapite kumene maso anga sakukaona.

Lenzi ndi ma setting?

Lenzi yotambalala, 16 mpaka 24mm pa kamera ya full frame, kapena 10 mpaka 18mm pa makamera a sensa yaing'ono. Autofocus ine ndinaisiya, imakonda kugwira udzu uli kutsogolo nkusiya diso la nyama. Ndimayika manual, focus pa mita imodzi ndi pang'ono, f/8, nkumata ringi ya focus ndi tepi kuti isasunthe. Pa 16mm ndi f/8 chilichonse kuyambira pafupifupi theka la mita mpaka kumapiri chimaoneka bwino. Shutter isatsike 1/500 chifukwa nyama ikakhala pafupi chonchi kungogwedeza mutu pang'ono chithunzi chafufutika, ISO ikhale auto, ndipo jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosavuta kukonza kuwala kwake pa kompyuta, poti nthawi zambiri thambo limawala pomwe nkhope ya nyama ili mumthunzi. Ngati kamera yanu ndi mirrorless yotha kujambula mwakachetechete mwawina, kulira kwa shutter kumadzidzimutsa mbawala ndi mbalame.

Kamera ikhale ya kaunjika imene ikaphwanyika mudzadandaula sabata imodzi osati chaka. Imene mumajambulira maukwati isiyeni kunyumba.

Chigoba nchofunikadi?

Ngati mukupita kumene kuli mikango kapena afisi, eya. Faibala kapena aluminiyamu, chozungulira ngati chigoba cha kamba kuti mano azitsetsereka, popanda ngodya yogwira. Mawaya onse mkati, eriyo yaifupi, kutsogolo kwa lenzi fyuluta yotchipa ya UV yoti izilandira malovu ndi zikhadabo. Penti ya mtundu wa dothi yosawala. Osamatapo nsalu, siponji kapena mphira kunja, nyama imasomphola nkumeza. Siyani timabowo ta mpweya kumunsi chifukwa mkati mwa chigoba padzuwa mumasanduka uvuni ndipo kamera imadzizimitsa.

Nyama zimatani zikakaona?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, kuposa mota ndi mawaya. Anthu amaganiza kuti poti kali ndi matayala nde uzikathamangitsa nako nyama. Ayi. Nyama ikaona chinthu chachilendo chikubwera molunjika imathawa kapena imakwiya, ndipo zithunzi zimene mupeze ndi za matako ndi fumbi. Matayala aja ntchito yake ndi kukaika kamera pamalo, basi. Mumayang'ana kumene nyama zikulowera, kanjira kopita kumadzi, mthunzi umene zikufuna, nkukaimika kagalimoto patsogolo pake kutali ndithu, kuzimitsa zonse nkukhala chete. Nyama ibwere yokha. Ngakhale anyamata a BeetleCam aja anapeza zomwezi ndi njovu: zimamva kulira kwa mota msanga ndipo sizikhulupirira zinthu zachilendo, njira inali kuika kagalimoto patsogolo nkudikira.

Njiri yanga ija ndinaidikira kuyambira dzuwa likutuluka mpaka tiyi wa mu fulasiki anatha. Inabwera ikudya chogwada mmene zimachitira, inaima, mchira njo, kununkhiza mphepo, kubwerera masitepe awiri, kenako nkubwera mpaka mpweya wake unachita nthunzi pa fyuluta. Ndinajambula zithunzi zisanu ndi chimodzi, chabwino chinali chimodzi, ndipo nthawi yonseyo kagalimoto sikanasunthe ndi pang'ono pomwe. Ndikanagwira ndodo ya rimoti ndikanaiona mchira wokha.

Mikango ili ndi chidwi, makamaka ana ndi achinyamata, imabwera nkukagubuduza kapena kukanyamula. Njati, ngakhale timaziopa, zimabwera mwachidwi kudzanunkhiza. Fisi ndiye mdani wamkulu, nsagwada zake zimaswa mafupa nde faibala yopyapyala kwa iye ndi chipisi. Anyani ali ndi manja, amasolola chilichonse chosamangidwa. Njovu yokhala ndi mwana, mvuu ili kumtunda, nyama iliyonse imene ikudya chimene yagwira kapena ili pa chisa, zisiyeni. Mukaona makutu a njovu atambasuka, mutu uli mmwamba, kapena nyama yasiya kudya nkumangoyang'ana kagalimoto, mwaisokoneza kale, musasunthenso mpaka ichoke. Ndipo zoika nyama kapena chakudya pa kagalimoto kuti zibwere, musayese, nkuphunzitsa chilombo kuti zinthu za anthu zimadyedwa.

Ndingangolowa nako ku Liwonde kapena ku Majete?

Ayi, pemphani kaye, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa. Majete ili mmanja mwa bungwe losamalira ma paki la African Parks kuyambira 2003, Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anthu amenewa avutika kubwezeretsa nyama zimene zinatheratu, mikango inabwerera ku Majete mu 2012, ku Liwonde akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, mimbulu mu 2021, nde musadabwe akamafunsa mafunso ambiri pa chinthu chimene mkango ungatafune. Lemberani oyang'anira paki, fotokozani kuti ndi chani, batire ili pati, mudzakhala ndi ndani. Ku Zambia chimodzimodzi, ma paki ali pansi pa nthambi ya boma ndipo simungangotulukira nako pa geti. Akakana akana. Malo a anthu osungira nyama nthawi zina amakhala osavuta kukambirana nawo, ndipo nkwabwino kuyambira kumeneko.

Kakagubuduka kapena batire ikatha kali pakati pa nyama?

Mumadikira. Simutsika mgalimoto, olo kamera ikhale ya ndalama zingati. Kanga kanakodwa pa chitsa njati zili mamita ochepa, tinakhala maola awiri padzuwa ine ndi gaidi mpaka zinasuntha zokha, kenako anayendetsa galimoto nkukaima pambali pake ine nkukakoka ndi ndodo yangowe ndili mkati. Chiyambire tsiku limenelo ndinayika kamphete kachitsulo pamwamba pa chigoba ndipo ndodo yangowe siichoka mgalimoto. Gaidi akanena kuti ayi, mawu ake ndi omaliza, iyeyo nyamazo amakhala nazo tsiku ndi tsiku.

Flash nanga?

Masana imathandiza kuwalitsa nkhope ili mumthunzi, ichepetseni mphamvu. Usiku funsani a paki kaye, ndipo ine pa nyama zodya udzu usiku sindiyatsa.

Ndingayeserere kuti ndisanapite ku paki?

Pakhomo panu pomwepo. Nkhuku, mbuzi, agalu, ng'ombe podikira kumwa madzi. Musaseke, mbuzi imakuphunzitsani zonse: imathawa mukaithamangira, imabwera mukakhala chete, imatafuna waya aliyense amene mwasiya panja, nde ikapeza chokoka dziwani kuti nyani adzachipezanso. Galu wa aneba anandionetsa kuti chigoba changa chinali ndi mpata kumbuyo woti dzino nkulowa. Yesani mu mchenga, mmizere ya mmunda, mu udzu wautali umene umakulungika pa ma shafiti a mota, muone kuti batire imatha pakapita nthawi yaitali bwanji, muzolowerenso kuyendetsa kakubwera chakwa inu poti pamenepo kumanja kumasanduka kumanzere. Ana a mmudzi adzakuunjikiranitu, apatseni mpata ayendetseko kamera mutachotsa.

Ndinyamule chani mchikwama tsiku la ulendo?

Batire yachiwiri yodzadza, mabatire a rimoti amene aliyense amaiwala, mafyuzi, sipanala ya mabauti a matayala chifukwa amamasuka ndi kugwedezeka kwa msewu, tepi, zingwe zapulasitiki zomangira mawaya, fyuluta ina, kansalu ndi kabulashi. Fumbi ndi limene limavuta kwambiri poti kamera ili pansi pomwe matayala akulitimbula, nde pukutani fyuluta nthawi iliyonse musanakatsitse, ndipo lenzi musasinthire panja. Mgalimoto kagalimotoko kakhale pa mpando kapena pa matiresi, kokutidwa ndi chitenje, batire itazulidwa.